Mpira Wakuda Umene a Kamphinda Anasiya

Nkhani iyi anandiuza koyamba ndi a Nagama, mayi wa ku Mchinji amene ndinakwera nawo lole ya mtedza. Loleyo inatifera panjira, dalaivala n'kupita kukasaka chitsulo chimene chinathyoka, ife n'kutsala pansi pa mtengo wa mango tikulimbana ndi ntchentche. Ine miyendo yanga siidziwa kukhala malo amodzi, ndipo ndikakumana ndi mlendo ndimamukumba mpaka atulutse kanthu. Mayiwa sanavute kukumba. Atangoona anyamata akusewera puulu pakhonde la golosale tsidya la msewu, anapukusa mutu.

"Ana awa akumenya mipira ngati akupirikitsa nkhumba m'munda," anatero. "Akanawaona a Kamphinda, bwenzi akuchita manyazi."

Ndinafunsa kuti a Kamphinda ndi ndani. Anakonza chitenje chawo, n'kuyambapo.

A Nagama anali ndi bala pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu, ndipo m'balamo munali tebulo la puulu, loyamba kufika kuderalo. A Yotamu Kamphinda anali telala wokalamba wa pamsikapo. Puulu anaiphunzirira ku migodi ya ku Zambia ali mnyamata, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi ndodo yawoyawo, yolumikiza pakati, yakuda, yolemera kumunsi. Ankaisunga m'thumba lalitali limene anasoka okha.

Mowa sankamwa. Dzuwa likapepa ankatseka makina awo osokera, kuvala jekete, n'kulowa m'bala muja akupereka moni kwa munthu aliyense, ngakhale woledzera amene wagona pansi pa benchi. Pomenya mpira sankagwiritsa mphamvu ayi. Mpira wawo unkayenda ngati mkamwini akudutsa pakhomo pa apongozi, mwaulemu, pang'onopang'ono, koma osalephera kukafika. Ukamayandikira bowo ankauuza motsitsa mawu kuti, "Pita kwanu, mwanawe," ndipo unkapitadi. Tsiku lina woledzera anang'amba nsalu yobiriwira ya patebulo. A Kamphinda anabwera ndi singano n'kuisoka mwakuti mipira inkadutsa pamsokopo osadziwa kuti panang'ambikapo. Ndewu ikabuka m'balamo sankakalipa. Ankangoika ndodo yawo patebulo, kupinda manja, n'kunena kuti, "Ndikudikira." Amuna akuluakulu ankabwerera m'mipando ngati ana a sukulu.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankaliphunzitsa kwa aliyense wogwira ndodo koyamba: ukaphonya, chokapo, mnzako amenye. Kaya ndiwe mwini tebulo, kaya wapolisi, kaya wavala tayi, ukaphonya bwerera m'mbuyo. Eni akewo ndiye ankaphonya mwa kamodzikamodzi, ndipo pamsika ponse panalibe amene anawagonjetsapo.

Anali ndi mdzukulu wawo Lapukeni, mwana wa mwana wawo wamkazi, amene anamulera okha. Pa nthawi ya nkhaniyi Lapukeni anali kale bambo wa ana ake, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Puulu anamuphunzitsa ndipo anaidziwa, koma mtima wake unali wapachala. Agogo ake ankamuseka kuti, "Iwe dzanja ndi langa, koma chifuwa n'cha njati."

Panalinso Bizaliyele, wopha mbuzi, munthu wobwera wa kummwera, wopanda mbale aliyense kuderalo. Pakamwa pake panali ngati wailesi yosowa chozimitsira. Tsiku lililonse la msika, akamaliza kugulitsa nyama, ankasamba m'manja n'kudzawaputa a Kamphinda. Ankagonja nthawi zonse, ndipo nthawi zonse ankalonjeza kuti sabata ya mawa zisintha.

Tsiku la zovutalo analowa m'bala akufuula.

"Madala! Lero ndakuitanitsirani bokosi kwa kalipentala. Mugona patebulo pompano!"

"Iwe mbuzi zimakuopa chifukwa umazipha zili zomanga," anayankha a Kamphinda akupaka choko kunsonga kwa ndodo. "Ine sindinamangidwe. Iswa mipirayo tione."

Anthu anaseka, gemu n'kuyamba. Tsiku limenelo Bizaliyele dzanja linamuyendera. Anatsatana ndi mdala uja mpira ndi mpira mpaka patebulo panatsala iwiri yokha, woyera womenyera uja ndi wakuda wotsirizira gemu. Womenya anali a Kamphinda. Wakudawo unali pafupi ndi bowo la pakona, malo oti ngakhale wophunzira akanaulowetsa. Mdala anawerama, anayeza, anamenya. Mpira unagunda mlomo wa bowo n'kubwerera, n'kuima.



"Ndinanena ine!" anakuwa Bizaliyele akudumpha. "Ndinanena! Madala, chokanipo!"

A Kamphinda anaweramuka. Anaponda phazi limodzi m'mbuyo, anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, koma pakamwapo panakhotera kumbali. Ndodo inawapulumuka. Anagwa chafufumimba, mphumi n'kumenya pakona ya tebulo, kho! Magazi anayenderera pasimenti mpaka kumapazi a anthu. Anamwalira ali m'galimoto, chipatala chisanaoneke n'komwe.

"Ine, bambo," anandiuza a Nagama, "ndinavula chitenje changa n'kuphimba tebulo lija, mipira iwiriyo ili momwe inaimira. Kwathu chinthu chimene womwalira wachisiya m'manja sichikhudzidwa mpaka anthu atameta maliro. Ndodo ija abale anaitenga n'kukaimanga pamodzi ndi zovala zawo m'nyumba ya siwa."

Kusiwa kuja nkhani inayamba ngati kautsi ka moto wa m'zinyalala. Wina ananong'ona kuti munthu sagwa choncho popanda chomugwetsa. Wina anakumbutsa za bokosi lija. Pofika m'mawa panalibenso wonong'ona: aliyense ankanena poyera kuti Bizaliyele anawamenya a Kamphinda hamala yamatsenga kuti apambane gemu. Pakamwa pokhota paja ndiye ankati umboni wake. Lapukeni sanalire, sanadye, ndipo tulo sanationenso. Ankangozungulira nyumba ya siwa, maso ali psuu.

Tsiku loika maliro Bizaliyele anabwera atasenza mbuzi yosenda kale, kuti okumba manda adye. Kapena sanamve zimene anthu ankanena, kapena anaganiza kuti akapanda kubwera ndiye aziti n'zoona. Lapukeni anakumana naye panjira ya kumanda.

"Wabwera kudzaona ngati ntchito yako yatheka?"

"Achimwene, ine madala aja anali mnzanga. Zija zinali nthabwala chabe, inunso mukudziwa."

"Mnzako? Mnzako umamugulira bokosi ali moyo?"

Anamulanda mbuzi ija n'kuiponya m'fumbi, kenaka chibakera cha pakamwa. Akuluakulu analeretsa chifukwa mtembo unali usanalowe pansi. Bizaliyele anachokapo akulavula magazi.

Koma dothi litangotha kukwirira, anyamata sanabwerere kusiwa. Analunjika kumsika, Lapukeni ali patsogolo, ena atanyamula makasu omwe aja okumbira manda. Anakamupeza Bizaliyele m'kanyumba kake kogulitsira nyama akulongedza. Anagwetsa chitseko ndi mateche. Munthu uja ataona kuti pothawira palibe, anatola chikwanje chake chodulira mafupa n'kuima pakona.

"Amene wayandikira ndimusenda ngati mbuzi! Ndalumbira pali mayi anga!"

Lapukeni anayandikira. Chikwanje chinatsika n'kumutema pamkono, mnofu n'kuyasama mpaka choyera cha mkati kuonekera. Wina anaponya njerwa imene inamupeza Bizaliyele kukhutu. Anadzandira, koma anagunda khoma la kumbuyo, lomwe linali la matabwa ofumbwa, n'kugwera kunja. Anadzuka n'kuliyatsa liwiro kulowa m'minda, chikwanje chikadali m'manja, ndipo palibe analimba mtima kumugwira. Ukali wonse unathera pa kanyumba kaja. Anaphwanya sikelo, anathyola mbedza zopachikira nyama, anakathira moto. Mafuta a mbuzi amene analowerera m'matabwamo anayaka mwaphokoso, ndipo msika wonse unanunkha ngati kuli phwando.

Kumeta kunachedwa chifukwa ankadikira mlongo wawo wa malemu wochokera ku Chipata. M'masiku odikirawo anyamata ankasaka Bizaliyele m'minda, m'madimba ndi m'makalavati a pansi pa msewu. Lapukeni anakana kupita kuchipatala. Anamanga chilondacho ndi nsanza, mkono n'kutupa, thupi n'kumatentha, koma osagona.

M'mawa wina a Nagama akusesa pakhomo pa bala, anamuona akudutsa, m'manja muli ndodo yakuda ija, yosalumikiza, mbali yolemera yokhayokha.

"Lapukeni! Tsitsi likadali kumutu, ndodo ya malemu ikutani m'manja mwako?"

"Ndi ya agogo anga, mayi."

"Ndiye udikire akupatse ndi akuluakulu mutameta. Wamasula katundu wa maliro ndi manja ako? Ukufuna utibweretsere chiyani pamudzi pano?"

"Mutu wa mfiti ija ndiuswa ndi ndodo yomweyi, kuti agogo akamve kumene aliko."

"Mwanawe, ndodo imeneyo sinamenyepo chinthu chopuma."

"Iyamba lero," anatero, n'kumapita.

Tsiku lomwelo mayi wina wokatola nkhuni anaona munthu akusuzumira panja ali m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa dambo. Mbiri inamupeza Lapukeni dzuwa lili paliwombo. Anatuma anzake kuti akaitane ena, abwere ndi teyala ndi petulo, iye n'kutsogola yekha kukalondera kuti munthuyo asathawe. Anakhala kuseri kwa chulu, pamthunzi wa kamtengo, pamalo oti chigafa ankachiona bwino. Ndodo anaiika pamiyendo. Kunkatentha koopsa, nyenje zikulira, mkono ukuwawa mogunda ngati ng'oma. Munthu amene anakana tulo masiku onse aja, tulo tinamugwira pamenepo, masanasana.

Zimene analota anafotokozera a Nagama yekha pambuyo pake, ndipo ine ndikunena monga anandiuzira mayiwo.

Choyamba nyenje zinaleka kulira. Kenaka anamva fungo la mafuta a makina osokera, losakanikirana ndi la dothi lonyowa. Atadzutsa mutu anaona tebulo la puulu litaima pakati pa dambo, miyendo yake italowa m'matope, nsalu yake ikuwala ngati msipu wa mvula yoyamba. Mphepo kunalibe. Udzu wonse unangoti njo, osagwedera. Patebulopo panali mipira iwiri, woyera ndi wakuda.

Pambali pa tebulo panaima a Kamphinda, atavala jekete lomwe anawaika nalo. M'makwinya a jeketelo munali dothi lofiira, m'mphuno muli thonje, pamphumi chilonda chija chili chakuda. Anaima chilili, phazi limodzi m'mbuyo, monga anaimira pa nthawi imene ankagwa.

"Agogo," anatero Lapukeni, koma mawu sanatuluke.

Mdala sanamupatse moni. Anayang'ana ndodo imene inali m'manja mwake, ndipo Lapukeni anaona kuti tsopano ndi yolumikiza, yathunthu.

"Poti ukufuna kumenya, menya."

Miyendo inamutengera yokha patebulo. Anawerama, anayeza, n'kumenya ndi mphamvu zake zonse. Woyera unakagunda wakuda, ndipo wakudawo sunagubuduzike. Unaphulika ngati dzungu logwa padenga. Munatuluka magazi otentha, mano ndi tsitsi. Magaziwo anafalikira pansalu yonse, anadzaza mabowo, n'kuyamba kutsikira m'miyendo ya tebulo. Anamufika m'mapazi, akutentha ngati phala. M'mabowo muja munkamveka kulira, ndipo atatchera khutu anazindikira kuti ndi mawu a ana ake. Anafuna kutaya ndodo, koma inamatirira m'manja.

A Kamphinda anamugwira dzanja. Zala zawo zinali zozizira ngati chitsulo cha pamjigo m'mwezi wa June. Analikokera pachifuwa pawo n'kulikanikiza pamenepo. Mkatimo Lapukeni anamva chinthu chikugunda mopereweza, kugunda, kuima, kuthamanga, kuimanso, ngati makina oduka lamba.

"Wamva? Hamala yake ndi imeneyi. Ndayenda nayo kuyambira dzinja. Sindinakuuze."

Anayamba kufinya. Lapukeni anamva mafupa a zala zake akulira ngati nkhuni zouma. Anagwada m'magazi muja, koma mdala sanamutaye.

"Ndinaphonya ndine. Wophonya amachokapo. Mwandikwirira mnzanga asanamenye mpira wake, ndipo kuno sindinakhale pansi. Ndangoima. Miyendo yatopa."

"Agogo, ndichite chiyani?"

"Bweza ndodo pamene unaitenga. Umete. Ukamupatse mpata wake amenye." Anaweramira kukhutu kwake, mpweya wawo ukununkha dothi. "Ukamupha ndiima mpaka kalekale. Iwenso udzaima pambali pangapa."

Anamutaya dzanja, nyenje n'kuyambanso kulira.

Lapukeni anadzidzimuka ali thukuta lokhalokha. Zala za dzanja lamanzere zinali zitatupa, zosapindika. Dzuwa linali litapendeka. Ndipo chimene ankachiyesa nyenje sichinali nyenje zokha ayi, kunali kukuwa kwa anthu. Anzake aja anabwera ndi njira ina, sanamuone kuseri kwa chulu, ndipo anali atalowa kale m'chigafa.

Pamene ankafika, Bizaliyele anali atamukhwekhwerezera pabwalo. Njala ya masiku aja inali itamumaliza, chikwanje anamulanda mosavuta. Ankamupondaponda ngati akupuntha nyemba. Wina anamumenya ndi mpini pamkono, fupa n'kumveka kuthyoka, mkonowo n'kupindikira kumene mkono supindikira. Diso limodzi linali litatsekeka. Sankakuwanso, ankangotulutsa kaphokoso ngati mbuzi imene mpeni wadutsa kale. Anamukhazika tsonga, anamuveka teyala m'khosi, wina n'kumukhuthulira chigubu cha petulo kumutu.

"Machesi! Ali ndi machesi ndani?"

"Dikirani mwini maliro! Uyo akubwera apoyo. Lapukeni, dzayatse wekha, ndi agogo ako!"

Anthu anapatuka kumupatsa njira, wina n'kumutambasulira bokosi la machesi. A Nagama anali atafika pamenepo ndi amayi ena, atatsatira phokoso, ndipo akuti anatseka maso. Atatsegula anaona ndodo ili pansi, Lapukeni atagwada, atamukumbatira Bizaliyele pamodzi ndi teyala lomwe, petulo akumunyowetsa malaya.

"Yatsani," anatero. "Mutiotche tonse."

"Aise, wapenga?"

"Wamudyetsa mankhwala! Mfitiyi yamutembenuza mutu!"

"Chokapo iwe! Watiyendetsa m'minda masiku onsewa, lero ukuti chiyani?"

Anamukoka miyendo, iye osataya. Anamukwapula ndi lamba kumsana, anamuponda pachilonda chija mpaka nsanza inasanduka yofiira. Mwala unamupeza pamwamba pa diso, magazi n'kumutsikira kumaso. Anangokanirira ngati nkhupakupa. Atatopa kumukoka, Lapukeni anakweza mutu n'kulankhula.

"Agogo andipeza kuchulu uko. Andigwiritsa pachifuwa pawo. Akuti unali mtima, ankadwala osanena. Akuti anaphonya okha, ndipo munthu uyu sanamenye mpira wake. Akuti kumene aliko angoima, sanakhale pansi. Onani dzanja langali mmene alichitira."

Analikweza. Zala zinali ngati chinangwa.

"Maloto a masana amenewo," anatero mnyamata wa machesi uja. "Ndi kachasu ameneyo."

"Chabwino. Iwe ukuti a Kamphinda anama. Bwera uyatse, ndipo madzulo ano akakupeze iweyo, ukawauze wekha kuti ndi abodza."

Mnyamatayo anayang'ana machesi, anayang'ana anzake. Ambiri mwa iwo ndodo anaigwira koyamba a Kamphinda atawagwira chigongono. Onse anaona ndi maso awo mpira uja ukugunda mlomo wa bowo n'kubwerera. Ndipo onse ankadziwa kuti mdala uja sakanachoka patebulo mnzake asanamenye. Mmodzi anataya mpini, wina anayamba kuyang'ana kumbali ngati wangodutsa.

"Ndinapita ndine kukavula teyala lija," anatero a Nagama. "Ndinalivula, bambo. Machesi aja ndinamulanda mwana uja n'kuwaika m'kamisolo."

Bizaliyele anamunyamula pa chitseko cha chigafa chomwecho. A Nagama anamutsekera m'chipinda chawo chosungira mabotolo, n'kuitana munthu wodziwa kumanga mafupa. Lapukeni anapita kusiwa magazi ali kumaso, anagwada pamaso pa akuluakulu, n'kubweza ndodo ija m'thumba lake. Anamudzudzula kwambiri chifukwa chomasula katundu wa maliro.

Mlongo wa malemu atafika, anameta. Lapukeni anakhala pansi, lezala n'kumudutsa mutu wonse mpaka pamphepete pa chilonda. Atatha, anapempha akuluakulu kuti apite naye kubala. Ena anakana, ati za puulu si za mwambo. Koma mlongo wa malemu, gogo wamng'ono thupi, anati, "Ngati achimwene aima, tiyeni tikawakhazike pansi."

M'bala munadzaza mitu yometa. A Nagama anachotsa chitenje chija pang'onopang'ono kuti mipira isasunthe. Inali pomwe paja. Anamutulutsa Bizaliyele atamugwirira uku ndi uku, mkono wamanzere uli m'timitengo, nkhope yosazindikirika. Ataona khamulo anafuna kubwerera.

"Achimwene, ndisiyeni ndizipita kwathu. Gemu ndaisiya. Apambana ndi madala."

"Sizili kwa iwe kapena kwa ine," anatero Lapukeni. "Menya mpira wako."

Anamupatsa ndodo wamba ya m'balamo. Koma pomenya puulu dzanja lina limagona patebulo kuti ndodo itsamirepo, ndipo dzanja limenelo Bizaliyele analibe. Anayesa kumenya ndi dzanja limodzi, nsonga ya ndodo n'kumangovina. Anthu anayamba kung'ung'udza. Pamenepo Lapukeni anazungulira tebulo, anawerama, n'kugoneka dzanja lake lotupa lija pansalu, kutsogolo kwa mpira woyera.

"Tsamiritsa apa."

Ndodo inagona pakati pa zala zotupazo, Lapukeni n'kuluma mano. Bizaliyele anayeza ndi diso lake limodzi kwa nthawi yaitali. Anamenya mofatsa, mwina chifukwa mphamvu analibe. Woyera unayenda, unakhudza wakuda, ndipo wakuda unagubuduzika pang'ono, unaima pamlomo ngati ukuganiza, n'kugwera mkati. Anthu anaumva ukuyenda m'mimba mwa tebulo mpaka unakagunda inzake.

Palibe anaomba m'manja. Bizaliyele anayang'ana malo amene mdala ankakonda kuima.

"Madala," anatero, "ndakudyani lero."

Atatero anakhala pansi pasimenti n'kulira mokweza ngati mwana, ndipo Lapukeni, amene sanagwetse msozi chimwalirire agogo ake, analira naye. Gogo uja anangoti, "Basi, akhala pansi tsopano," n'kutuluka.

Madzulo ake Lapukeni anagona tulo tofa nato mpaka dzuwa la tsiku linalo kukwera, ndipo agogo ake sanamubwererenso. Bizaliyele mkono utagwirana anakwera basi kubwerera kwawo kummwera, wamoyo, ngakhale mkonowo sunawongokenso.

A Nagama anathera pamenepo, ndipo dalaivala wathu anali asanabwerebe. Ndinawafunsa ngati panali wina amene ankadziwa za matenda a mtimawo mdala ali moyo. Anati ayi. Ndinafunsa ngati wina anaona zala za Lapukeni m'mawa wa tsikulo, asanapite kuchulu. Anaganiza, n'kunena kuti munthu amene wanyamula ndodo yokaphera mnzake sumuyang'ana zala.

Kukayika kwanga kuli pamenepo. Munthu amene wagwetsa chitseko ndi kuswa matabwa ndi manja akhoza kutupa zala popanda womwalira kumufinya. Ndipo munthu akakhala yekha kuseri kwa chulu, akuyang'ana malo amene akukaphera mnzake, amakhala ndi nthawi yoganiza. Ine ndikuona ngati Lapukeni mtima unamubwerera ali maso, koma anadziwa kuti gulu limene analiutsa yekha silingamvere munthu wamoyo, choncho anabwereka pakamwa pa agogo ake. Nditawauza a Nagama zimenezi anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi, n'kusuntha kukakhala mbali ina ya mthunzi. Mwina ndinawalakwira. Koma zoti a Kamphinda anabweradi padambo paja, ine mpaka lero ndikukayika.